Mafuta ndi gasi: chuma cha pansi pa nthaka ndi malamulo ochiyendetsa

Nthawi iliyonse mafuta a galimoto akasowa m'dziko muno, pamizere ya m'malo omwetsera mafuta sipalephera kumveka funso lakuti: "Nanga mafuta aja ankati ali m'nyanja ya Malawi adathera kuti?" Funsoli n'lomveka, chifukwa pakati pa 2011 ndi 2013 boma lidapereka ziphaso zofufuzira mafuta kwa makampani akunja, ndipo ambiri adaona ngati chuma chafika kale pakhomo.

Zoona zake n'zakuti mpaka lero dziko la Malawi lilibe mafuta otsimikizika, ndipo petulo, dizilo ndi palafini timachita kugula kunja. Chiphaso chofufuzira ndi chiyambi chabe cha ulendo wa zaka zambiri, ndipo mfundo zosonyeza amene adzapindule zimamangidwa m'malamulo ndi m'mapangano dontho loyamba lisanatuluke. N'chifukwa chake nzika iliyonse ikuyenera kudziwa momwe ntchitoyi imayendera.

Mafuta amapangika bwanji?

Mafuta ndi gasi zimachokera ku ndere ndi tizamoyo tina ting'onoting'ono ta m'madzi tomwe tidafa zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Tikafa, timamira n'kukwiririka m'matope a pansi pa nyanja, momwe mulibe mpweya wokwanira kuti tiwoleretu. Pakapita nthawi, matope ndi mchenga zina zimaunjikana pamwamba pake, ndipo matope oyamba aja amasanduka mwala.

Mwalawo ukamatsikira pansi, kutentha kumakwera. Kukafika pakati pa madigiri 60 ndi 120, zotsalira za tizamoyo tija zimasanduka mafuta. Kutentha kukapitirira pamenepa, chomwe chimapangika kwambiri ndi gasi.

Anthu ambiri amaganiza kuti mafuta amakhala ngati dziwe pansi pa nthaka. Ayi, amakhala m'timipata ta miyala, monga momwe madzi amakhalira m'siponji. Popeza ndi opepuka kuposa madzi, amakwera pang'onopang'ono kufikira atakumana ndi mwala wosalola kanthu kudutsa. Choncho kuti malo akhale ndi mafuta oti n'kupopa, pamafunika zinthu zinayi: mwala wobala mafuta, mwala wa timipata wowasunga, mwala wotseka pamwamba, komanso kapindikidwe ka miyala kowaunjika malo amodzi. Chimodzi mwa izi chikasowa, mafuta amabalalika kapena sapangika n'komwe.

Nyanja ya Malawi imapatsa chiyembekezo akatswiri a miyala chifukwa ili m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, momwe nthaka idang'ambika n'kutitimira. Pansi pa madzi ake pali matope ndi mchenga zochindikala makilomita angapo. M'zaka za m'ma 1980, akatswiri a pa yunivesite ya Duke ya ku America adayeza pansi pa nyanjayi ndipo adaonetsa kuchindikala kumeneku. Mu 2005 akatswiri ena adaboola pansi pa nyanjayi, koma cholinga chawo chidali kuphunzira mbiri ya nyengo.

Kufufuza ndi kuboola

Kampani ikalandira chiphaso, imayamba ndi kuwerenga zomwe ena adapeza kale komanso kuyeza dera lonse ndi ndege yonyamula zipangizo. Kenaka imatumiza phokoso lamphamvu pansi pa nthaka n'kumvetsera momwe likubwererera. Pamadzi, ntchitoyi imagwiridwa ndi sitima yokoka zingwe zazitali zokhala ndi zida zomvera. Pamtunda amagwiritsa ntchito galimoto zolemera zogwedeza nthaka. Makompyuta amasandutsa phokoso lobwereralo kukhala chithunzi cha miyala.

Chithunzicho chimangoonetsa malo omwe mafuta angabisale. Chotsimikiza n'kuboola chitsime basi, ndipo zitsime zambiri zoyamba m'dera latsopano zimapezeka zopanda mafuta okwanira kugulitsa. Chitsime chimodzi cha m'madzi akuya chimadya madola a ku America mamiliyoni makumimakumi.

Nyanja yathu ili ndi vuto lakelake. Malo ake ena ndi akuya pafupifupi mamita 700, ndipo sitima yoboolera singalowemo kuchokera kunyanja yamchere chifukwa cha mathithi a mumtsinje wa Shire. Zipangizo zingafunike kubwera zidutswazidutswa pamsewu kapena panjanji n'kudzalumikizidwa m'mphepete mwa nyanja, zomwe zimakweza mtengo wa ntchito yonse.

Oganiziridwa, opezeka ndi otsimikizika

Pomva nkhani za mafuta, ndi bwino kusiyanitsa magulu atatu. Gulu loyamba ndi la mafuta ongoganiziridwa, omwe akatswiri akukhulupirira kuti angakhalepo koma palibe adaboola n'kuwaona. Lachiwiri ndi la mafuta omwe apezeka ndithu m'chitsime, koma sangagulitsidwebe chifukwa palibe paipi, msika kapena chilolezo. Lachitatu ndi la mafuta otsimikizika, omwe angathe kupopedwa mwaphindu ndi zipangizo zomwe zilipo, pa mtengo womwe ulipo. Gulu lachitatuli ndilo limene mabanki amakongozerapo ndalama. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mafuta a m'nyanja ya Malawi akadali m'gulu loyamba.

Mafuta amayezedwa pa migolo, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Chitsanzo cha dziko la Uganda chimathandiza kumvetsa kusiyana kwa maguluwa. Mafuta adapezeka m'dera la nyanja ya Albert mu 2006. Boma la dzikolo limati pansi pali migolo pafupifupi 6.5 biliyoni, koma yomwe ingathe kutulutsidwa ndi pafupifupi 1.4 biliyoni yokha, chifukwa mafuta ambiri amakanirira m'miyala. Chiganizo chomaliza choika ndalama pa ntchito yopopa chidamangidwa mu Febuluwale 2022, patatha zaka 16 chipezereni mafutawo. Popeza Uganda ilibe doko, padafunikanso paipi ya makilomita 1,443 yochoka ku Hoima kukafika ku Tanga m'dziko la Tanzania, yomwe iyenera kumatenthetsedwa chifukwa mafuta akumeneko amaundana akazizira. Dziko la Malawi, lomwenso lilibe doko, lingadzakumane ndi funso lomweli la mayendedwe.

Gasi ali ndi njira yake

Gasi wachilengedwe ndi wovuta kunyamula kuposa mafuta. Amayenda m'paipi, apo ayi amaziziritsidwa kufika madigiri 162 kunsi kwa ziro kuti asanduke madzi. Akatero amachepa pafupifupi ka 600 ndipo amatha kunyamulidwa pa sitima zapadera. Gasi wotereyu amatchedwa LNG. Ndi wosiyana ndi gasi wa m'masilinda amene mabanja a m'tauni amaphikira, wotchedwa LPG, yemwe amapezeka poyenga mafuta kapena poyeretsa gasi wachilengedwe.

Anzathu a ku Mozambique adayamba kutumiza gasi wa ku Pande ndi Temane ku South Africa mu 2004 kudzera m'paipi ya makilomita 865. Mu 2010 kampani ya Anadarko idapeza gasi wochuluka zedi m'nyanja yamchere kufupi ndi chigawo cha Cabo Delgado, ndipo ya Eni idapezanso wina chaka chotsatira. Komabe sitima yoyamba ya LNG idanyamuka mu Novembala 2022, kuchokera pa fakitale yoyandama ya Coral Sul. Ntchito ina yaikulu ya pamtunda, yotsogoleredwa ndi kampani ya TotalEnergies, idaima mu Epulo 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma. Apa zidaoneka kuti gasi wochuluka bwanji sangatuluke ngati dera lomwe ali mulibe mtendere.

Kuchokera pachitsime kufika pa pampu

Ntchito ya mafuta ili ndi magawo atatu: kufufuza ndi kupopa, kunyamula ndi kusunga, kenaka kuyenga ndi kugulitsa. Mafuta ongotuluka kumene pansi sangayendetse galimoto. Amapita kufakitale yoyengera komwe amatenthetsedwa n'kupatulidwa kukhala gasi wophikira, petulo, palafini, mafuta a ndege, dizilo ndi phula la misewu.

M'Malawi mulibe fakitale yoyengera mafuta. Izi zikutanthauza kuti ngakhale mafuta atapezeka, angayambe atuluka m'dziko kukayengedwa, ndipo petulo tingamugulebe pa mtengo wa pamsika wa dziko lonse. Dziko la Nigeria lidapeza mafuta ku Oloibiri mu 1956 ndipo ndi limodzi mwa maiko opopa mafuta ambiri mu Africa, koma kwa zaka zambiri lakhala likugula petulo kunja chifukwa mafakitale a boma oyengera sankagwira bwino ntchito. Phindu lenileni la dziko lopopa mafuta limabwera ngati ndalama zakunja ndi misonkho.

Mwini wake ndani?

M'maiko ambiri, mafuta a pansi pa nthaka ndi a dziko lonse. Ku America ndiko kumadziwika kuti mwini malo amatha kukhalanso mwini mafuta. Kuno kwathu lamulo loyendetsa kufufuza ndi kupopa mafuta ndi Petroleum Exploration and Production Act la 1983, lomwe limaika mafuta onse m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu a Malawi. Munthu amene mafuta apezeka pansi pa munda wake sakhala mwini mafutawo. Chomwe ayenera kulandira ndi chipukutamisozi pa malo ndi katundu wake.

Lamuloli limapatsa nduna mphamvu zopereka ziphaso ziwiri zosiyana: chofufuzira ndi chopopera. Lidalembedwa m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, malamulo aakulu a dziko a 1994 asanabwere, ndipo mabungwe omwe si a boma akhala akupempha kuti likonzedwenso kuti lichepetse mphamvu za munthu mmodzi komanso likakamize boma kuulula mapangano.

Pambali pa chiphaso pamakhala pangano logawana mafuta, njira yomwe idayambira ku Indonesia m'zaka za m'ma 1960. Kampani imaika ndalama zake pofufuza. Ikalephera kupeza mafuta, yaluza yokha. Ikawapeza, amagawidwa motsata ndondomeko yomwe mbali ziwirizi zidasainirana.

Tiyerekeze kuti patuluka migolo 100, ndipo manambala awa ndi ongofotokozera chabe. Boma litenga migolo 10 ngati msonkho wa mwini nthaka. Kampani itenga migolo 50 kubweza zomwe idawononga pofufuza ndi pomanga. Migolo 40 yotsala agawana pakati, boma 20, kampani 20. Pa phindu la kampani boma lidulanso msonkho wa 30 peresenti, womwe ndi migolo 6. Zonse pamodzi boma lapeza migolo 36.

Pa chitsanzochi, malo oyenera kuwayang'anitsitsa ndi migolo 50 ija. Kampani ikakweza ndalama zomwe ikuti idawononga, gawo logawana limachepa, ndipo boma limaluza popanda wophwanya chiganizo chilichonse cha m'pangano. N'chifukwa chake dziko limafunika akatswiri owerengera ndalama ndi oyeza mafuta amene angatsutse mabuku a kampani. Mapangano ambiri amakhalanso ndi ndime yoteteza kampani ku misonkho yatsopano kwa zaka zambiri, komanso ina yonena kuti mikangano idzaweruzidwa kunja kwa dziko. Boma lomwe lasaina mopupuluma limamanga manja maboma obwera pambuyo pake.

Zomwe zidachitika m'dziko muno

Boma lidagawa malo ofufuzira m'zigawo zisanu ndi chimodzi, kuyambira kumpoto, kutsika ndi nyanja mpaka kuchigwa cha Shire. Mu 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum idalandira zigawo 2 ndi 3, zomwe zili panyanja, ndipo pambuyo pake kampani ya Hamra Oil idalowa m'zigawozi. Mu 2012 chigawo 1 chidapita kwa SacOil ya ku South Africa. Zigawo 4 ndi 5 zidapatsidwa kwa RAK Gas ya ku United Arab Emirates, pomwe chigawo 6 chidapita kwa Pacific Oil and Gas.

Mu Meyi 2014, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho chichitike, boma lidasaina mapangano ogawana mafuta a zigawo 4, 5 ndi 6. Mu Novembala chaka chomwecho, boma latsopano lidaimitsa ntchito yonse yofufuza kuti liunikenso momwe ziphaso ndi mapanganowo zidaperekedwera. Chiletsocho chidachotsedwa mu 2016. Mu 2015 dziko la Malawi lidalowa m'bungwe la maiko la EITI, lomwe limafuna kuti boma liziulula ndalama zomwe lalandira kuchokera ku migodi ndi mafuta, makampani nawo aziulula zomwe apereka, kuti manambala awiriwo aziyerekezedwa poyera.

Malire ndi chilengedwe

Chiphaso cha 2011 chidadzutsa mkangano wakale wa malire. Dziko la Malawi limatsamira pa pangano la Heligoland la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, lomwe lidaika malire m'mphepete mwa nyanja mbali ya Tanzania. Dziko la Tanzania limati malire adutse pakati pa nyanja. Mkanganowu udakula mu 2012, ndipo mtsogoleri wakale wa Mozambique, a Joaquim Chissano, adatsogolera zokambirana zoyanjanitsa maiko awiriwa. Makampani ndi mabanki amazengereza kuika ndalama zambiri pamalo omwe umwini wake ukutsutsidwa.

Nkhawa ina ndi ya madzi enieniwo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo mu 1984 bungwe la Unesco lidaika Lake Malawi National Park pamndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse. Nyanjayi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi. Choncho chilichonse chotayikira m'menemo chimakhalitsa. Asodzi a usipa ndi chambo, malo ogona alendo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komanso madzi akumwa a mumzinda wa Blantyre omwe amapopedwa mu Shire, zonsezi zimadalira nyanja imodzi.

Ngozi zimachitika ngakhale kumaiko olemera. Mu 2010 nsanja yoboolera mafuta ya Deepwater Horizon idaphulika kunyanja ya Gulf of Mexico, anthu 11 adafa ndipo mafuta adatayika kwa miyezi pafupifupi itatu. Mu 2011 nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe idati kuyeretsa dera la Ogoni ku Nigeria kungatenge zaka 25 mpaka 30. Kuno kwathu lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa momwe zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu okhudzidwa amvedwe maganizo awo.

Mafuta omwe tikugwiritsa ntchito lero

Mafuta ogula kunja ali ndi malamulo akeake. Mu 2004 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Energy Regulation Act, lomwe lidabala bungwe la Mera, komanso la Liquid Fuels and Gas Act loyendetsa kaitanitsidwe, kasungidwe ndi kagulitsidwe ka mafuta ndi gasi. Mera ndiyo imapereka ziphaso kwa oitanitsa, onyamula ndi ogulitsa, komanso kulengeza mitengo ya pa pampu.

Mafuta amalowa m'dziko kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique ndi Dar es Salaam ku Tanzania. Oitanitsa akuluakulu ndi kampani ya boma ya Nocma, yomwe idakhazikitsidwa mu 2010, ndi Petroleum Importers Limited ya makampani ogulitsa mafuta. Nocma imayang'aniranso nkhokwe za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, zomwe zonse pamodzi zimatha kusunga malita 60 miliyoni. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo fakitale ya ku Dwangwa idayamba ntchitoyi mu 1982.

Mtengo wa lita imodzi umaphatikiza mtengo wogulira kunja, ndalama zonyamulira, misonkho monga wokonzera misewu ndi wofikitsira magetsi kumidzi, komanso phindu la ogulitsa. Mu 2012 boma lidabwezeretsa ndondomeko yakuti mtengo uzisintha pamene ndalama zofikitsira mafuta m'dziko zakwera kapena zatsika kupitirira 5 peresenti. Popeza ogulitsa akunja amafuna madola, nkhokwe zimauma ndalama zakunja zikasowa, ngakhale mafuta atadzaza padoko.

Ndalama zikadzabwera

Mafuta amatha, ndipo mtengo wake umakwera ndi kutsika mosayembekezereka. Dziko lomwe limadya ndalama zonse chaka chomwe zabwera limagwa m'ngongole mtengo ukatsika. Ndalama zakunja zikachuluka mwadzidzidzi, ndalama ya dziko imakwera mphamvu, ndipo alimi a fodya, tiyi kapena nyemba amavutika kugulitsa kunja chifukwa katundu wawo amaoneka wodula.

Dziko la Norway lidapeza mafuta pamalo otchedwa Ekofisk mu 1969. Mu 1990 lidakhazikitsa thumba losungira ndalama za mafuta, ndipo ndalama zoyamba zidalowamo mu 1996. Boma limaloledwa kugwiritsa ntchito kagawo kochepa chaka chilichonse, zotsalazo zimasungidwira mibadwo ya mtsogolo. Dziko la Ghana lidapeza mafuta pamalo a Jubilee mu 2007, lidayamba kupopa mu Disembala 2010, ndipo mu 2011 lidakhazikitsa lamulo la kayendetsedwe ka ndalama za mafuta, lomwe lidabweretsanso komiti ya nzika yoyang'anira momwe ndalamazo zikugwiritsidwira ntchito. Ngakhale zidali choncho, mu 2022 Ghana idalephera kubweza ngongole zake zakunja. Lamulo losunga ndalama za mafuta silithandiza ngati boma likukongola mopyola muyeso mbali ina.

Zoyenera kufunsa

Tsiku lomwe mudzamvenso kuti kampani yalandira chiphaso kapena kuti mafuta apezeka, mafunso awa angakuthandizeni kuyeza nkhaniyo. Kodi chiphasocho n'chofufuzira kapena chopopera? Kodi chitsime chabooledwa, kapena manambala akuchokera pa chithunzi cha miyala chabe? Kodi migolo yomwe ikutchulidwa ndi yonse ya pansi, kapena yomwe ingathe kutulutsidwa? Kodi eni ake enieni a kampaniyo ndani, ndipo idapopapo mafuta kwina? Kodi pangano laikidwa poyera kuti aphungu ndi atolankhani aliwerenge? Kodi asodzi ndi mafumu a m'mphepete mwa nyanja afunsidwa, ndipo ndani adzalipire mafuta akadzatayikira m'madzi?

Mafunsowa amakhala ndi mphamvu pangano lisanasainidwe. Likasainidwa limatha kugwira ntchito zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo kulisintha kumafuna chilolezo cha kampani yomweyo.